Lole ya Maliro pa Sabata ya Masankho

Atate anamwalira Lolemba m'mawa, masankho ali Lachinayi. Anthu a m'laini mwathu ku Kafue anabwera kudzakhuza maliro monga mwa mwambo, amayi n'kulowa m'nyumba, abambo n'kukhala panja pa mipando yomwe tinatulutsa. Koma ndinamva ena akunong'onezana kuti mdalayo wasankha bwino sabata yofera. Sankanyoza ayi. Ankanena chimene mwana aliyense wa kuno amadziwa, kuti nthawi ya kampeni wakufa sasowa galimoto.

Atate ankafuna chinthu chimodzi chokha, ndipo anachibwereza kwa zaka zambiri mpaka ife ana tinkachita kuwamalizira mawu. Ankafuna kukagona kwawo kum'mawa, kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa, pambali pa manda a amayi. Amayi anatisiya ine ndili wamng'ono, nthawi imene fakitale yomwe atate ankagwirako ntchito inali kufukabe utsi. Masiku amenewo wantchito akaferedwa, kampani inkatulutsa lole, bokosi ndi dalaivala, popanda kugwadira munthu. Umo ndi mmene amayi anapitira kwawo. Kenako fakitaleyo inatsekedwa, ndipo ntchito yonyamula akufa inagwera m'manja mwa anthu andale.

Ndinene pang'ono za ine, kuti mudziwe mutu umene unagamula nkhaniyi. Sukulu ndinailekera panjira, koma ndinatsala ndi nthenda yowerenga chilichonse chokhala ndi zilembo, ngakhale pepala lokulungira nsomba. Ndimagulitsa mabuku akale pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo buku lililonse ndimayamba ndaliwerenga ndekha ndisanalole kuti ligulidwe, n'chifukwa chake malonda anga sakula. Amanditcha profesa, dzina lokoma kumva ngati sunayang'ane nsapato zanga. Za masankho a dera lino ndinkafotokozera aliyense woima pa tebulo langa, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Ndinkawauza kuti dera la phungu wathu si tauni yokhayi. Tauni ndi kachigamba chabe pa nsalu yaikulu. Muli ife a m'malaini, ana a anthu omwe mafakitale anawakoka kuchokera m'zigawo zonse za dziko. Muli achinyamata omwe amagona ku Kafue koma moyo wawo uli ku Lusaka, othamangira minibasi tambala asanatsike, Lamlungu n'kukapemphera mokuwa m'makalasi a sukulu. Kumtsinje, ku Chanyanya ndi m'misasa ya asodzi, kuli anthu a mabwato ndi a njinga zonyamula nsomba, ena obadwira pomwepo, ena obwera kuchokera kumpoto ndi kumadzulo. Kumapiri kuli Asoli omwe makolo awo anaona njanji ikuyalidwa, kumadambo kuli Atonga ndi ng'ombe zawo. Onsewa amasankha munthu mmodzi, koma njala zawo n'zosiyana. Wa m'laini amafuna fakitale idzuke. Msodzi amafuna msewu woti nsomba ifike pamsika isananunkhe. Mlimi amangofuna feteleza mvula isanagwe.

Atate anaponya voti yawo yoyamba nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu unkasankha pakati pa mtsogoleri ndi chithunzi cha chule. Ankati sanamvepo kuti chule wapambana, ngakhale kumtsinje komwe achule ali ndi abale ambiri. Zipani zitaloledwa kuchuluka, malaini onse anadzuka kukachotsa akalewo, ndipo atate anavina mumsewu. Sipanapite zaka zambiri, mageti a mafakitale anayamba kumangidwa maunyolo. Kuyambira pamenepo mpando wa kuno sukhalitsa ndi mwini. Tauni ikakokera uku, mtsinje ndi minda zimakokera uko, ndipo wopambana amafika ali wefuwefu. Laini yathu, ya madala ochotsedwa ntchito, inakakamira chipani china chomwe chinkadziwa kulankhula ndi anthu a maovolosi. Amati voti ndi chinsinsi, koma zotsatira za malo aliwonse zimamatidwa pachitseko cha sukulu, kotero aliyense amadziwa kuti laini yakuti ndi ya ayani. Yathu inkadziwika ngati chipsera cha pamphumi.

Mkulu wa chipanicho m'malaini mwathu, amene tonse tinkangoti ba tcheyamani, anali mnzawo wa atate wa pamtima. Anagwira ntchito pa makina amodzi, anachotsedwa limodzi, ndipo pa maliro a amayi iwo ndi amene anakhala kumbuyo kwa lole atagwirizira bokosi kuti lisagwedezeke m'mabampu. Choncho Lolemba masana, nditawaona atakhala pafupi ndi chikuni cha moto wa pamaliro, ndinapita kukanjuta pambali pawo mtima uli m'malo.

"Mwana wanga, lole ilipo," anatero ndisanatsegule n'komwe pakamwa. "Mdala uyu ni wathu, sitingamutaye. Koma izanyamuka pa Chisanu."

"Ba tcheyamani, pa Chisanu masankho adzakhala atatha."

"Ndiye chamene nikamba. Ona anthu aba." Analoza ndi mlomo amayi a kutchalitchi omwe ankalowa pageti, ndi madala omwe anadzaza bwalo. "Bonse aba bazafuna kukwela. Nikakupatsa lole pa Chitatu, ndiye kuti nanyamula bokosi ya mavoti na manja yanga, nakaiponya mu Luangwa. Chaka chino zinthu zathina, iwe udziwa, ndiwe profesa."

"Nanga mukaluza?"

"Sitiluza."

"Nanga mukawina?"

Anangosonkhezera chikuni ndi nsonga ya nsapato.

Funso lachiwirilo silinali lamwano. Tonse awiri tinkakumbukira mayi wina wa nyumba ya pakona, wochokera kumpoto, amene anamwalira masankho apitawo atangotha. Woluza analibenso mafuta, wopambana foni yake inkangolira ku Lusaka. Mayiyo, amene moyo wake wonse ankaimba za kwawo, tinamutengera kumanda a kuno pa kagalimoto konyamula mchenga. Zoti ife tokha tichite hayala lole ya ulendo wonsewo, ine ndi mlongo wanga wamkulu sitinafunikire n'komwe kukhala pansi kuti tikambirane. Iye amagulitsa tomato, ine mabuku osagulika.

Madzulo ake ndinakumana ndi ba mbuya kuseri kwa nyumba akupala mphika. Kuno Abemba ndi ife a kum'mawa timatchulana mbuya. Ndi chibale chonyozana. Pa maliro a mmodzi, winayo ndiye amaphika, amatunga madzi, amapaka ofedwa ufa kumaso ndi kumulalatira wakufayo, kuti chisoni chisamize anthu. Ba mbuya athu anali mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nafe, wogulitsa nsomba zouma, amene anakhala akutukwanizana ndi atate pampanda kuyambira ine ndisanamere mano.

"Shani, profesa?" anandilonjera m'Chibemba akundimenya ndi ufa pamphumi. "Mdala wako wakudya mbeba wathawa voti. Ninadziwa kalekale kuti ni wamantha."

"Akukana lole mpaka pa Chisanu, ba mbuya."

"Namvela. Makutu yanga siyali mu mphika." Anasiya kupala. "Imwe a kum'mawa na kwanu! Munthu wadya nshima ya Kafue mpaka mano yatha, manje afuna akadyetse chiswe cha kwawo. Umbombo!"

Anaseka, ine ndinasekanso, kenako ndinaona kuti misozi yawo ikutsika mpaka kugwera mumphikamo.

Lachiwiri m'mawa kunabwera mlendo. Ndinkamudziwa nkhope. Anali mkulu wina wa malole onyamula nsomba kuchokera kumtsinje, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi dzanja lamanja la wopikisana wa chipani chinacho, chomwe atate ankati akamva nyimbo zake ankatseka wailesi. Sanavale malaya a chipani. Anavula kapu pageti, anapereka moni kwa madala mmodzimmodzi, n'kukhala pansi pafumbi ngakhale mpando unalipo. Kenako anapempha kuonana ndi mwana wamwamuna wa malemu.

"Pepani na malilo," anatero titapatuka pang'ono. "Tamvela kuti mdala afuna kwawo. Lole ilipo, ikulu, ya tenti pamwamba. Mafuta ni yathu, kupita na kubwela. Inyamuke mailo, pa Chitatu, m'mawa. Aliyense ofuna kupelekeza akwele, malo niyambili."

"Mukudziwa kuti mdalayu sanakuvoterenipo n'kamodzi komwe?"

"Tidziwa. Na imwe mudziwa chamene tabwelela. Tisanamizane pa malilo." Anapukuta fumbi pa kapu yake. "Ise tifuna laini yanu ikhale kutali pa Chinayi. Imwe mufuna mdala agone pafupi na mkazi wake. Lole ni imodzi."

M'mabuku onse omwe ndinawerenga, munthu woipa amabisa cholinga chake mpaka tsamba lomaliza. Uyu anachiika poyera ngati nsomba pa thandala, ndipo ndinasowa pomugwira. Ndinamuuza kuti ndiyambe ndaonana ndi abale.

Mlongo wanga ndinamupeza pampopi. Iye ndiye anadwazika atate, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala, ine ndikubwera madzulo ndi nkhani za m'nyuzipepala.

"Iwe, ukabwelako uzakhala kuti?" anandifunsa nditamufotokozera. "Ine tomato wanga agula ni anthu a mu laini muno. Bazakamba kuti tinagulitsa atate. Ali moyo sanakwelepo motoka ya anthu aja, olo mvula igwe bwanji. Manje uwakweze ali gone?"

"Nanga pa Chisanu lole ikapanda kubwera, ba sisi?"

"Tizawaika kuno. Manda ni manda."

Anatero, ndowa n'kusefukira iye osaiona. Kenako anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Atate ananigwila dzanja, iwe unali ku mabuku yako. Ananilumbilitsa kuti tizawaika pafupi na amayi." Anavundukula nkhope. "Bwelela kwa ba tcheyamani. Uwauze kuti olo kamotoka kang'ono, tikwele chabe ise a pa nyumba."

Ndinabwerera. Ba tcheyamani anamvetsera, anatenga foni n'kupita nayo kumsewu. Ndinkawaona chapatali akuponya dzanja m'mwamba, akuyenda uku ndi uku, mphepo ya Ogasiti ikuwakupizira fumbi m'maso. Atabwerako anaoneka okalamba kuposa mmene anapitira. Anati galimoto zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, zagawidwa kale kuti zikatute anthu kuminda ndi kumtsinje tsiku la voti, ndipo akuluakulu akuti wakufa sathawa.

"Anakamba choncho?"

"Anakamba choncho." Anandiyang'ana. "Nadziwa amene anabwela m'mawa. Mwana wanga, usachite."

"Mundilonjeze za pa Chisanu, mutagwira bokosi la mnzanu."

Lonjezolo sanalipereke. Anali munthu woona, ndipo kuona kwawoko ndi kumene kunagamula mlandu. Masana omwewo ndinatumiza mawu kwa mkulu wa malole uja kuti tavomera.

Wina angafunse kuti bwanji sitinangokwera ife apabanja, laini n'kutsala kuti ivote. Ndinaganizapo. Koma kwathu suuza munthu kuti usaperekeze maliro. Ukatero wamuuza kuti pa ake usadzapondepo. Maliro n'kulirana. Mwini lole uja ankadziwa zimenezi bwino lomwe, n'chifukwa chake sanaike lamulo lililonse. Anangotumiza lole yaikulu, n'kusiyira mwambo wathu kuti umugwirire ntchito.

Lachitatu kutacha, tinakatenga thupi kuchipatala n'kudzera nalo pakhomo. Lole inaima pakati pa laini, itatsukidwa koma ikumvekabe fungo la nsomba. Anthu anaizungulira, palibe wokwera. Aliyense ankayang'ana mnzake, ndipo onse pamodzi ankaba diso kuyang'ana ba tcheyamani, omwe anaima potero manja ali kumbuyo.

Anayamba ndi ba mbuya. Anaponya miphika yawo m'mwamba, anakwinya chitenje, n'kuponda tayala.

"Nikankheni, imwe! Nifuna nikaone dziko yamene anthu akudya mbeba na michila yomwe. Mdala uyu nikamusiya yekha azasochela."

Amayi a kutchalitchi anatsatira, akuimba chapansipansi. Madala ndiwo anavutika. Wina anakwera, anatsika, anakaima pafupi ndi ba tcheyamani, kenako anatukwana osatchula munthu n'kukweranso. Ena anabwera kudzandigwira dzanja, akunena za miyendo yotupa ndi za ulendo wautali, maso ali pansi. Sindinawaimbe mlandu. Achinyamata ambiri anatsala. Komabe pomwe tinkanyamula bokosi, loleyo inali itadzaza moti ena anakhala pa miphika.

Ba tcheyamani anabwera kudzagwira nawo bokosi, kumutu. Titalikankhira mkati, anasiya chikhatho chawo pa thabwa kwa kanthawi.

"Yenda bwino, mnzanga," anatero. "Ine nizatsala. Udziwa chifukwa."

Lole itanyamuka ndinawaona ataima pakati pa msewu, akuchepa m'fumbi.

Za ulendo ndilibe zambiri. Tinadutsa Lusaka ikuwira ndi nyimbo za tsiku lomaliza la kampeni. Malole a achinyamata ovala mitundu ya zipani ankatipitirira akuimba, akaona bokosi ankatsitsa mawu, akatidutsa n'kuyambiranso. M'mapiri a ku Luangwa mphepo inkalowa pansi pa tenti ngati mpeni. Nyimbo zinatha, aliyense anangogwira mnzake. Tinafika kumudzi dzuwa litalowa kumene.

Kumudziko owadziwa atate anali ochepa. Anatilandira azakhali, mlongo wawo wamng'ono, nkhalamba yowerama imene ndinaiona komaliza pa maliro a amayi. Ena onse ankatiyang'ana ngati alendo a m'tauni obwera ndi bokosi. Ndipo m'mawa wa Lachinayi adzukulu, anthu okumba manda, anatumiza mawu akuti ayamba akaponya kaye voti, manda akumba akabwerako.

Choncho tinakhala pabwalo la azakhali, lole yathunthu ya anthu a ku Kafue, tikuonerera anthu a mudziwo akudutsa pamsewu kupita kusukulu, atasamba, atavala zoyera. Mdala uja wokwera kawiri anatulutsa khadi lake la voti m'thumba la jekete, analiyang'ana, analibwezamo. Anati chiyambire zipani zambiri sanaphonyepo n'kamodzi komwe. Sananene mondidandaulira. Akanandilalatira bwenzi zili bwino.

Ine nkhawa yanga inali ina. Popita kukaona malo ndi azakhali, ndinapeza manda atakula mosazindikirika. Pomwe ndinkakumbuka tchire panali mitumbira yokhayokha, yothithikana ngati mizere ya mbatata. Ndinaganiza kuti ndasenzetsa laini yonse ulendo uno, ndadana ndi anthu, kuti atate adzagone kumapeto kwa manda pakati pa anthu osawadziwa, chimodzimodzi ngati akanagona ku Kafue.

Azakhali anayenda patsogolo ndi ndodo yawo, osafulumira, mpaka anaima pa mtumbira wina wophwa. Pambali pake panali kampata kopapatiza, kodzaza miyala ndi minga.

"Amayi ako ndi awa," anatero. "Apa ndi pa achimwene. Anthu akhala akupafuna, ine ndimangowauza kuti mwini wake ali m'njira. Chaka ndi chaka ndimaunjikapo minga. Ndimati ndifa ine asanabwere."

Adzukulu anafika dzuwa lili pamutu, zala zawo zazikulu zili ndi inki. Anadandaula kuti malowo ndi othina ndipo dothi ndi louma, koma anakumba. Tinaika atate chakumasana. Ba mbuya anawalalatira komaliza pamphepete pa dzenje, kuti akafika asakayambe kuvutitsa mkazi wawo ndi nkhani za fakitale, ndipo anthu a mudziwo, omwe sanawadziwe atate, anaseka mpaka ena kupukuta m'maso. Mlongo wanga anaponya dothi n'kunena chinachake chomwe sindinachimve. Nkhope yake inali itamasuka koyamba chiyambire matenda.

Tinabwerera ku Kafue anthu akuimba kale malipenga a galimoto mumsewu waukulu. Sanali a chipani cha atate. Mpando unapita kwa eni lole. Kaya anapambana ndi anthu okwana lole imodzi kaya malole ambiri, sindikudziwa. Ine wowerenga ngakhale mapepala a nsomba, pachitseko cha sukulu sindinapiteko, ndipo wina akayamba kutchula manambala pa tebulo langa ndimapeza buku loti ndilipukute fumbi.

Laini inagawikana. Omwe anapita ankati tinachita zoyenera, otsala ena ankati tinagulitsa mdala ndi laini yomwe. Mlongo wanga anasamutsa tebulo lake la tomato kupita mbali ina ya msika. Pali nyumba zomwe mpaka lero ndikadutsa, moni wanga umabwerera wekha. Ba tcheyamani sanabwere kunyumba pa tsiku lomwaza maliro, ndipo utcheyamani anausiya.

Patapita masabata angapo ndinangoona aima pa tebulo langa. Anatola buku lina losachikuto, analitsegula pakati, koma maso sanali pa zilembo.

"Munamuika pafupi?"

"Pafupi, ba tcheyamani. Pakati pawo sipangadutse khasu."

"Dothi inali bwanji?"

"Lofiira, louma. Okumba anavutika."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anabweza bukulo pamalo pake, n'kulisuntha ndi chala kuti lilingane ndi anzake.

"Ine sininaponyeko dothi," anatero osandiyang'ana.

Anaima pang'ono, kenako anawoloka njanji kulowera kumsika.